Nsapato za Mlendo pa Phompho

Fusae ankakulunga mpunga wa kamba wa alendo m'mawa umenewo pamene anaona kuti nsapato za mlendo wina, Nagumo, palibe pakhomo. Mtima unangoti myuu.

Nyumba yake ya alendo inali kumapeto kwa tauni, pomwe njira ziwiri zimasiyanirana. Ina imakwera m'mapiri a mikungudza, inayo imatsata nyanja pamwamba pa matanthwe. Anthu ankachokera kutali kudzangoyenda basi, atavala nsapato zolimba, ndodo kumanja, timabelu toopseza zimbalangondo tili ngiringiri pachikwama. Madzulo ankabwerako akudandaula za mawondo ngati kuti pali amene anawatuma.

Nagumo yekha ndiye anafika ndi nsapato za ku ofesi ndi kachikwama kosakwana n'thawulo lomwe. Anali bambo wachinyamata, waulemu wopitirira muyezo. Mapu sanawafunse. Chakudya ankangotolatola. Fusae akacheuka ankamupeza akumuyang'ana, kenako n'kuthawitsa maso ngati mwana wakuba shuga. Ndiye dzulo lake, akulandira tiyi, anafunsa maso ali pansi:

"Mayi, pa njira ya kunyanja ija, phompho lalitali kwambiri lili pati?"

"Bwanji osayesa ya kumapiri, bambo? Masamba afiira bwino, ndipo nsapato zanuzo zingakukhululukireni."

"Ayi, ndikungofuna ndipadziwe."

Fusae zizindikiro ankazidziwa bwino. Munthu wa maganizo odzipha sadya, salongolola, amakonza zinthu zake mosamala ngati akuyembekezera alendo. Anathamangira kuchipinda cha Nagumo. Zogonera zinali zitapindidwa bwinobwino, kachikwama kaja katatsamira khoma. Mpunga anausiya pomwepo, n'kutuluka epuloni ili m'chiuno.

Chifunga chinali chitakuta njira yonse. Nyanja sinkaoneka, inkangomveka pansi ikuwomba matanthwe. Fusae ankayenda atagwira chingwe cha m'mbali mwa njira. Zingwezo anamanga ndi malemu mwamuna wake, Tokuji, amene anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. Chimwalirireni bamboyo, Fusae ankabwera kuno m'mawa uliwonse akangoperekeza alendo, ati kudzayendera zingwe, ngakhale zingwezo zinalibe vuto. Nyumba ya alendo anali ataganiza zoitseka kumapeto kwa mwezi. Mwana wake wamkazi, Sumire, ankaimba foni kuchokera kumzinda pafupipafupi, kumunyengerera kuti akakhale naye, ndipo Fusae ankangoyankha kuti wamva.

"A Nagumo!"

Kunali zii. Mbalame imodzi inauluka m'tchire n'kumudula mtima pakati.

Anayamba kuthamanga, mawondo a ukalamba akukana. Ankaopa kwambiri. Ankaopa kufika mochedwa, ankaopanso kufika pa nthawi yake n'kusowa chonena, pakuti munthu amene waima pamenepo umamuuza chiyani choti sanadziuze kale? Anaganiza za mayi wa mnyamatayo, kwinakwake kumzinda, mwina akuyanika zovala osadziwa kanthu. Anadzitukwana chifukwa chosamuletsa dzulo. Akanangokhala naye pansi, n'kumuthirira tiyi wina, n'kumufunsa chimene chikumudya. Koma iye anasankha ulemu, n'kumayankhula za masamba.

Njira inakhota pa mtengo wopendekeka ndi mphepo. Patsogolo pake panali mwala wafulati, pafupi ndi chingwe chomaliza. Pamwalapo panali nsapato ziwiri zakuda, zitaikidwa moyandikana, molunjika bwino.

Nsapato zikakhala chonchi pamalo ngati amenewa, safunsa kuti mwini wake wapita kuti. Odziponya m'phompho ndiwo amazisiya choncho. Komabe Fusae anafuna aone ndi maso ake, mwina munthuyo wakodwa pa chitsamba, mwina akupumabe. Anakweza mwendo n'kulumpha chingwe. Udzu unali woterera ndi mame. Anasendera pang'onopang'ono mpaka zala za kumapazi zinafika m'mphepete, timiyala tikugumuka n'kumagwa osamveka pomwe tafikira. Anawerama. Pansi panali thovu loyera lokhalokha.

Mwadzidzidzi manja awiri anamugwira m'chiuno kuchokera kumbuyo.

Anakuwa. Anamenya ndi zigongono, anakanda, koma manjawo anamukokera chambuyo mpaka onse awiri anagwera pa udzu kuseri kwa chingwe. Atatembenuka anaona Nagumo, nkhope ili mbuu, tsitsi litanyowa, masokosi ali magazi m'zidendene.

"Ndisiyeni! Mukufuna mupite nane limodzi?"

"Menyani mmene mungathere, ine sindikusiyani." Mnyamatayo misozi inali mbwembwembwe. "Ndalawirira kudzakudikirani kuseri kwa thanthwe ilo. Mapazi onsewa ndi matuza okhaokha, n'chifukwa chake ndinavula. Ine kuyenda sinditha, amayi."

"Kudikira ine?"

"Wandituma ndi Sumire. Ndine amene ndikufuna kumukwatira. Akuti mukatseka nyumba ija simubwera kumzinda ayi, mubwera kuno."

Fusae anatsegula pakamwa kuti anene kuti mwana wakeyo akuganiza zopusa. Bodzalo linakana kutuluka.