Hadi ya Apongozi Yasowa

Kompyuta itayakanso, hadi ya nyimbo, kachitsulo kosungira zinthu m'kati mwa makinawo, sinaoneke. Mkamwini anapukuta magalasi n'kuyang'anitsitsa pa sikirini. Hadi yoyamba, yomwe imadzutsa makinawo, inalipo bwinobwino. Yachiwiri, yosungira nyimbo zonse zimene apongozi ake aamuna anajambula ndi pakamwa pawo, inali zii.

Kunena zoona, anali asanakhale mkamwini weniweni. Ukwati unali Loweruka likubweralo, koma mmene zinthu zinkayendera pabalazapo, Lowerukalo linayamba kuoneka patali.

Apongozi aamunawo, chipumireni pa ntchito, anazindikira kuti ali ndi luso loimba, luso limene wina aliyense m'nyumbamo anali asanalione. Anagula maikolofoni n'kumakuwa tsiku lonse mpaka agalu a aneba kumawathandiza. Pagulu sankaimba, ati mawu amawathawa, n'chifukwa chake ankajambula. Nyimbozo anazikonzera phwando la ukwati wa mwana wawo, ndipo analamula kuti zidzamveke zonse, ngakhale ija ya malangizo a m'banja yomwe ndime zake sizinkatha. Sanazisunge pena paliponse poopa akuba nyimbo. Bokosi la kompyuta nalo analikhoma ndi kaloko, ndipo kiyi wake, monga makiyi ena onse a m'nyumbamo, ankakhala ndi mayi.

Mayiwo ndi amene anamuitana m'mawa umenewo. Anati makina a bambo akuchedwa, ndiye poti iye ndi wokonza makompyuta, adzawachite zija amati apudeti. Mnyamata wofuna kuoneka bwino kuchipongozi safunsa zambiri. Anafikira kusintha bayosi, kapulogalamu kokhala m'bodi lalikulu, kamene kamauza makina zomwe ali nazo m'mimba. Sanayang'ane kanthu asanayambe, poti mkwatibwi anali ataima pakhomo akumuonerera.

Tsopano amene anaima kumbuyo kwake anali bambo, akumupumira m'khosi.

"A Injiniya, mawu anga mwawaika kuti?"

Anayankha mwaulemu kuti ndi kavuto kakang'ono, kodziwika, koti apudeti nthawi zina imasokoneza mmene bodi limalankhulira ndi hadi. Analowa m'bayosi n'kusintha kalankhulidweko. Palibe. Anabwezera mwakale. Palibe. Anabweza zonse mmene zinachokera kufakitale, anazula chingwe cha magetsi, anasindikiza batani mpaka chala kuwawa. Kenako anameza manyazi n'kubwezeretsa bayosi yakale ija kuchokera pa fulashi. Pamndandanda wa zolumikizidwa ku bodi, malo a hadi yachiwiri anangokhala mbee.

Mayi anabwera ndi tiyi, epuloni yawo itapendekera mbali imodzi, makiyi akulira m'thumba. Anamuuza kuti asade nkhawa, aliyense amalakwitsa. Mkamwini anapempha kiyi wa kaloko kuti aoneko zingwe za m'kati. Mayiwo anafufuza pamulu wa makiyi mosafulumira, n'kudandaula kuti kakiyi kameneko kasowa, mwina adzukulu.

Bambo anati ngakhale kakanapezeka, bokosilo silitsegulidwa. Dzulo lomweli nyimbo zinkalira. M'kati simunalowe dzanja la munthu, loko ndi uyo ali chikhomere. Chasintha n'chimodzi chokha m'nyumba muno, ndipo chakhala pampando chavala magalasi. Mkamwini nayenso ankaganiza chimodzimodzi. Anali ataiphadi hadi ya apongozi, ndipo mantha anamugwira zenizeni.

"Munthu wolephera kusamala kabokosi aka, mwana wanga mukamusamala bwanji?" anafunsa bambowo.

Mkwatibwi anathawira kukhitchini atatseka nkhope ndi nsalu yopukutira mbale. Mkamwini ankaona mapewa ake akugwedezeka, ndipo mtima unamupweteka. Anam'liza asanamukwatire n'komwe.

Anaimbira mnzake wa kuntchito. Mnzakeyo anaseka kaye mokwanira, kenako n'kumulangiza kuti ayambe kuphunzira kuimba, akabweze yekha nyimbozo. Bambo atamva kusekako anaimirira. Analengeza kuti nkhani ya Loweruka iyenera kukambidwanso, kuti bipi yawo yakwera, ndipo akukagona. Chitseko cha kuchipinda chinamenyedwa mpaka chithunzi cha pakhoma kupendama. Patapita kanthawi kunayamba kumveka kung'ung'udza kwachisoni, kophonya nyimbo ngati kale.

Mkamwini anatsala yekha ndi tiyi wozizira. Anaganiza za holo, za abale ake amene anali atasoketsa kale zovala, za mayi ake omwe anali atauza mpingo wonse. Posowa chochita anagwada pansi, anayatsa tochi ya foni n'kusuzumira pa timabowo totulukira mpweya m'mbali mwa bokosilo.

Anaona fumbi. Anaona fani. Kenako anaona zingwe ziwiri zikulendewera, zosalumikizidwa ku kanthu, ndi malo oyera a makona anayi pamene fumbi silinagwere.

Atatembenuka anapeza mayi ataima kumbuyo kwake, mkwatibwi ali pambali pawo akupukuta misozi ya phwete. Mayiwo anasisita thumba lolemera lija la epuloni, mmene munkasuzumira kona ya kachitsulo.

"Bambo anu akwiya mpaka Lachisanu, ndimawadziwa," ananong'oneza. "Hadiyi mudzaidzutse Lolemba ukwati utadutsa, mudzatamandidwa. Ife timangosowa munthu wosenza mlandu, apongozi. Takulandirani m'banja muno."