Fungo la Nachesi

Madzulo a tsiku la Martin Woyera, ana a m'mudzi wa Oldehove amayenda khomo ndi khomo ndi nyali zamapepala, kuimba kuti apatsidwe maswiti. Chaka chatha Jelske ndiye ankatsogolera, mawu ake akumveka mpaka kutsidya kwa ngalande. Kenaka chimfine chinabwera n'kupita, koma chinasiya ubongo wa mwanayo utatupa. Kuyambira Malichi sanayendeponso, sanalankhuleponso.

Chaka chino, madzulo a tsikulo, mayi wake, Marijke, anamusiya ali m'tulo, nakiya chitseko, n'kuthamangira kukatenga mankhwala. Pobwerera anamva nyimbo ija patsogolo pake, m'nkhungu. Anali mawu a mwana mmodzi, osasa pang'ono kumapeto, monga ankaimbira Jelske. Kanyali kofiira kanakhota pakona n'kusowa.

"Amake Jelske!" Anali neba wawo, bambo Wiebe, ali pakhomo ndi mbale ya zipatso. "Inunso, nkhani yabwino chonchi n'kutibisira? Mwana wachira osatiuza!"

"Mwana wake uti?"

"Wanuyo, nanga ndani? Wandiimbira mpaka kumaliza. Maswiti anatha, ndiye ndamupatsa nachesi. Akuti ndikadali woumira ngati kale!"

Marijke anathamangira kunyumba. Chitseko anachipeza chokiya monga anachisiyira. Anakwera masitepe osavula n'komwe jekete.

Jelske anali chigonere, miyendo ili momwe anaifunditsira, maso ali kudenga. Nyali yake ya chaka chatha inali pamwamba pa kabati, fumbi lili mbuu.

Marijke anawerama kuti amupsompsone dzanja. Zala zinali zozizira, zonyowa, zikununkhira nachesi.