Utsi wa kwa Pruitt

Kaylene anavundukulanso mphika, kachinayi tsopano, ngakhale ankadziwa kuti kuvundukula kumachedwetsa nyama. Anabaya phewa la nkhumba ndi foloko. Linali gwa. Wotchi inkati 1 koloko. Abale afika 5 koloko.

Mphika wamagetsiwo, wophika pang'onopang'ono, anaubisa m'kachipinda kochapira, pamwamba pa makina, chitseko chotseka. Chivundikiro chake sichinkakhala bwino. Kumanzere nthunzi inkangothawa, psii, psii, ngati ikumunenera.

Anathamangira pazenera. Kuseri kwa nyumba, ng'anjo yootchera nyama inkafuka bwinobwino. Munalibe nyama m'menemo. Munali zikuni zitatu zokha zomwe anayatsa m'mawa kuti odutsa mumsewu aone utsi.

Kudera lino la North Carolina aliyense amadziwa nyama ya a Hollis Pruitt, apongozi ake. Chaka chilichonse, abale akamakumana, mkuluyu ankadzitsekera kushedi ndi ng'anjo yake tsiku lonse, osalola munthu kuyandikira. Madzulo ankatulukira ndi beseni la nyama yofewa, yonyenyanyenya ndi mafoloko awiri, yonunkhira utsi ndi viniga. Patebulo ankakonda kunena kuti nyama yophika ndi magetsi ndi ya anthu opanda makolo, anthu n'kumafa nacho chiseko.

Chaka chino anawachita opaleshoni ya bondo. Ntchito inagwera mwana wawo Travis, mwamuna wa Kaylene. Koma dzulo mphepo inagwetsa mapolo a magetsi kugombe, ndipo akuntchito kwake, kukampani ya magetsi, anamuitana mbandakucha. Anangopsompsona mwana n'kunena kuti, "Moto si wovuta, amake Junie. Uzingoponyamo chikuni."

Chikuni! Ndi khanda la miyezi isanu lomwe likumera mano?

M'mawa Kaylene anayesadi. Utsi unam'tsokomoletsa Junie, ndipo iye anathawira naye m'shedi. M'menemo, kuseri kwa makina otchetchera kapinga, anapeza mphikawo utafunditsidwa lona. Pambali pake panali njerwa yokulunga m'kansalu. Anaganiza kuti ndi katundu wa malemu apongozi ake aakazi. Njerwayo anaikankha ndi phazi, mphika n'kuunyamula. Kenako anathamangira kusitolo kukagula kabotolo ka madzi opatsa nyama fungo la utsi, n'kukabisa m'thumba la matewera kuti wapakauntala yekha ndiye adziwe.

Junie analira. Kaylene anamunyamula, kumuika paphewa, kuzungulira naye khitchini. Foni inalira: azakhali ake a Travis, a Loretta, amene paukwati anamufunsa ngati kwawo ku Ohio amadziwa kuti nkhumba ili ndi miyendo ingati.

"Utsi tikuuona tili kuno, mtsikana. Bola usatiwaulire dzina la banja."

"Zonse zili bwino, azakhali."

Anadula foni. Zaka ziwiri akuyesetsa kuti asiye kumutchula kuti mlendo wa Travis. Lero akagwidwa, nkhaniyi idzakambidwa patebulo mpaka Junie adzakwatiwe.

Anakweza moto wa mphika. Anautsitsanso. Anatsekera thaulo pansi pa chitseko kuti fungo lisatuluke. Fungolo linali litatuluka kale.

Kenako anamva. Gu. Gu. Ndodo ikubwera kuchokera kuchipinda chochezera, kumene a Hollis amayenera kukhala ali mtulo.

Kaylene anaima kutsogolo kwa chitseko cha kochapira, mwana ali m'manja.

"Bambo, adokotala anati musamayende."

"Adokotala sanamve njala yangayi." Ananunkhiza mpweya kawiri. "Nyama ili bwanji kung'anjoko?"

"Ikupsa."

"Ikupsa." Anayang'ana malaya a Kaylene oyera, opanda ndi kadontho komwe ka mwaye. Anayang'ana thaulo lija pansi. "Nanga zovala zako masiku ano umachapira viniga ndi tsabola?"

Mkuluyo anamulambalala, n'kukankha chitseko ndi ndodo. Mphika unali pomwepo, kagetsi kake kofiira kakuyaka. Kabotolo ka utsi kanali pambali, kotsegula. Psii, psii.

A Hollis anauyang'anitsitsa mphikawo. Nkhope yawo inachita mdima.

"Waupeza kuti?"

"Kushedi. Pepani, bambo. Mwanayu amatsokomola, ndiye ine..."

Sanamumvere. Anatembenuka, natuluka pakhomo la kuseri. Gu. Gu. Pazenera anawaona akutsimphina kulowera kung'anjo. Akukaona okha zikuni zitatu zija. Akabwerako aimbira a Loretta. Kaylene anayamba kuwerenga m'mutu: matewera, botolo la mkaka, makiyi a galimoto. Akhoza kuchoka abale asanafike. Koma kupita kuti? Junie anamugwira tsitsi n'kukoka, iye osamva n'komwe.

Chitseko chinatsegukanso. Mkuluyo anali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, chinthu china atachipana m'khwapa.

"Bambo, ndiwauza ndekha. Dzina lanu lisaipe chifukwa cha ine."

"Uwauza chiyani? Tasuntha, mwanangu."

Anatulutsa njerwa yokulunga m'kansalu ija n'kuisanjika pachivundikiro, kumanzere. Nthunzi inaleka.

"Popanda njerwayi nyama siipsa, ndipo usadzavundukulenso mpaka 4 koloko," anatero monong'ona. "Zaka khumi ndi ziwiri ndikuphikira momwemu. Tsopano pita ukaponye chikuni panjapo, Loretta asaone utsi ukuchepa."