Filiji ya ku Malo Opumulirako

Panali mayi wina wa kwa Kanduku, dzina lake Esime, amene anagulitsa mbuzi zake zonse ndi dimba limene anamusiyira malemu bambo ake kuti atsegule lesitilanti pafupi ndi malire a Mwanza. Amene anandiuza nkhaniyi amagulitsa makala pomwepo, ndipo akuti anaona ndi maso.

Nyumba anaipeza, matebulo kalipentala anakhoma. Chinatsala ndi filiji yosungira nyama. Mchimwene wake Sankhani anamulangiza kuti agule yatsopano ku Blantyre, ngakhale yaing'ono, apo ayi abwereke yolipira pamwezi kwa mwini golosale wina mpaka bizinesi itagwira. Esime anakana zonse ziwiri. Anati yaing'ono ndi ya pakhomo, komanso iye sanagulitse dimba kuti azilemeretsa mwini golosale. Mayiyu akati ayi, ndi ayi basi, olo mubwere ndi mpingo wonse.

Ndiye kunatulukira bambo wina wa ku Zobue, Zaqueu, atanyamula chifiliji chakale pa pikapu. Chinali chachikulu, chozizira bwino, mtengo wake ngati wa njinga. Pambali pake panali mawu a Chipwitikizi akuti Último Repouso. Esime Chipwitikizi sankachidziwa, choncho anafunsa tanthauzo lake.

"Malo opumulirako, mayi," anatero Zaqueu. "Ku Tete uko. Anthu ambiri agonako, palibe amene anadandaulapo."

Esime anamva kuti ndi resitihausi, n'kulipira pompo. Khomo loyandikana naye linali la mayi Natércia, ogulitsa zitenje, amene anakulira ku Moatize ndipo akanawerenga mawuwo mosavuta. Koma Esime analowetsa filijiyo kuseri mwakachetechete, poopa kuti ansanje angamulodzere bizinesi isanayambe.

Bizinesi inagwiradi. Madalaivala a mathiraki, osintha ndalama, onse ankadya pamenepo. Esime ankauza aliyense monyadira kuti filiji yake inachokera ku resitihausi yaikulu ya ku Tete.

Tsiku lina masana kunabwera dalaivala wa ku Tete komweko, Lourenco. Anthu anali atadzaza. Anaitanitsa tchipisi ndi nkhuku, anadya theka, kenaka anapempha madzi ozizira. Esime anali ndi mbale m'manja monse, ndiye anamuuza kuti akadzitengere yekha kuseri.

Bamboyo anakhalitsa. Esime atamutsatira anamupeza ataima patsogolo pa filiji, atavula chipewa. Lourenco anafunsa kumene anaigula, Esime n'kuyamba nyimbo yake ija ya resitihausi. Bamboyo anadikira mpaka amalize.

"Mayi, si resitihausi. Mawuwa akuti mpumulo wotsiriza. Inali kampani yosunga maliro, inatsekedwa. Mayi anga anagona umu podikira mlongo wanga kuchokera ku Beira. Chivindikirochi ndinatseka ndine."

Sanakweze mawu, koma chipupa chinali cha pulayiwudi. Onse anamva. Wina anaika fupa pansi, wina anakankha mbale. Anasamba m'manja n'kumatuluka mmodzimmodzi, popanda wotukwana.

Pofika madzulo nkhani inali itawoloka malire. Esime anatulutsa filijiyo n'kuitsekera m'kachipinda ka kuseri, anatsuka paliponse, anaitana abusa kudzapemphera, mpaka anakabwereka yaing'ono ija kwa mwini golosale. Palibe anabwera. Ena anawonjezera zawo, kuti mayiyu ankadziwa, chinali chizimba cha bizinesi. Mukudziwa pakamwa pa anthu. Ana ake omwe anayamba kumakadya kwa amalume awo a Sankhani. Esime anakamupeza Zaqueu ku Zobue, koma bamboyo anangofunsa kuti ananama pati.

Esime sanalire. Ankatsegula m'mawa, kusesa, kupukuta matebulo, n'kukhala pampando kumayang'ana mathiraki akudutsa. Ukamupatsa moni ankayankha bwinobwino, koma ngati munthu amene palibe. Kumudzi kunalibe dimba loti abwerereko.

Patapita miyezi, munthu wina anaodira pakhomo. Anali bambo wa ku Thambani, Mateyu, maso ali ofiira, pikapu ikulira panja. Sanabwere kudzadya. Anati bambo ake amwalira, ana ena ali m'njira kuchokera ku Joni, jenereta abwereka kale, ndipo amva kuti mayi ali ndi filiji yoyenera.

Esime anadzuka, n'kutenga makiyi a kuseri.

"Pepani ndi zovutazi," anatero. "Malemuwo anali aatali bwanji?"

Phunziro: Chinthu chakale chili ndi kumene chachokera. Musanagule zipangizo za bizinesi, makamaka ya zakudya, funsani amene akudziwa, ndipo wogulitsa asakhale yemweyo wokumasulirani. Chatsopano chaching'ono kapena chobwereka sichichititsa manyazi. Safunsa anadya phula. Tumizirani abale ndi anzanu amene akufuna kuyamba bizinesi, asadzati sanamve.