Alipo Wina Kwanu?

"Palibe amene akukudyetsani," anatero adokotala a ku Blantyre atawerenga zotsatira. "Awa ndi matenda a Crohn, zilonda za m'matumbo. Satheratu, koma mukamamwa mankhwala osadumphitsa, mudzabwerera kotchola tiyi."

Dixon anayang'ana mlongo wake Miriam. Kwa zaka zisanu anakhala akutsegula m'mimba, nthawi zina zamagazi, n'kuwonda mpaka dengu la tiyi kumamulemera. Sabata yapitayo achibale anagamula kuti mkazi wake Tamanda ndiye ankamuthirira mankhwala m'ndiwo, ndipo anamulongedzetsa kuti azipita kwawo ku Khwethemule.

"Mwamva, achemwali? Alamu anu aja alibe mlandu," Dixon ananong'ona.

"Tikawatenga mawa, achimwene. Wokapepesa ndine."

Adokotala anatenga cholembera. "Nthawi zina matendawa amayenda m'banja. Alipo wina kwanu anadwalapo chonchi?"

M'maso mwa Dixon munabwera malemu bambo ake, ali gone pamphasa, owonda ngati bango, atagwira pamimba. Anaonanso mayi Fainess, mkazi wachiwiri wa bambowo, akulumbira pamaliro kuti sanadyetse munthu. Amene anatulutsa katundu wawo m'nyumba ya kampani n'kumuponya pamvula anali Dixon yemweyo. Mayiwo anamwalira ku Chimaliro chaka chatha, ndipo wakubanja ngakhale mmodzi sanakaponde kumanda.

Dixon anati atsegule pakamwa, Miriam anamuponda phazi pansi pa tebulo.

"Palibe, adokotala," anayankha Miriam. "Kwathu konse woyamba ndi ameneyu."

Adokotala analemba zomwezo.