Gasiketi ya 1968

Gasiketi yachisanu ndi chiwiri nayonso inakana.

A Ganizani anaiika pamwamba pa kabuleta wa galimoto yawo, kuitembenuza, kuiunika pawindo, kenako n'kuibweza patebulo la kukhitchini mwakachetechete. Mabowo awiri sanalingane. Mwana wawo Dorica anaima pafupi ndi sinki, akadali mu yunifomu ya kuchipatala, chikwama atachipanira kukhwapa. Kunja mvula ya ku Dennistoun, kuno ku Ulaya, inali pantchito yake ya masiku onse.

"Iwe Dorica, sukulu yonse ija inapita kuti? Ndinati sikisite-eyiti. Iyi ndi ya sevente-faifi."

"Pepani ababa. Pa intaneti zimaoneka zofanana."

"Zofanana!"

Basi, phunziro linayambika, lomwe lija la sabata yatha. Kabuleta ameneyu ndi wa mphuno zinayi: ziwiri zazing'ono kutsogolo zoyendera mwaulemu, ziwiri zikuluzikulu kumbuyo zotseguka munthu akaponda moto. Ku Amereka anamupanga kwa zaka zoposa makumi awiri, koma ankangomusinthasintha. Oyambirira nambala yawo inali pa kachitsulo kozungulira, otsatira anawadinda pathupi. Ena petulo amalowera kutsogolo, ena m'mbali. Ntchito itachuluka, fakitale ina inkathandizako kupanga. Pomaliza anamulowetsa mawaya a kompyuta, kuwononga chinthu chabwinobwino. Mkulu yemwe m'mawa womwewo ankafunafuna magalasi ali nawo pamphuno, pa manambala a kabuleta sankaphonya ngakhale imodzi.

Kabuletayo anabwera naye m'sutikesi, atamukulunga m'chitenje cha akazi awo, a Ketrina. Ankati ku Ulaya sipeya aliyense amapezeka. Galimoto yake, chimphona chomwe anagula pa okishoni ali makaniko wachinyamata, inatsala pa njerwa ku Chilomoni. China chilichonse cha kabuletayo anali atachitsuka kale, masikuluwu atawandandalika pa nyuzipepala malinga ndi msinkhu. Chotsala chinali gasiketi, kapepala kamodzi komweko kotseka pakati pa chivundikiro ndi thupi.

"Mwanawe, tamvera," anatero a Ganizani, mawu atatsika. "Ndikangotseka apa, undigulire tikiti. Ndikamange, injini ilire, ndikawatenge amayi ako ku Mulanje. Ndinawalonjeza kuti sadzakweranso minibasi. Andidikira mokwanira."

"Ndamva ababa."

"Umangoti ndamva, ndamva. Kodi ukufuna ndikalambire kuno?"

Dorica mtima unamupweteka kwambiri. Kuchipatala anthu amamudalira, madokotala amafunsa nzeru kwa iye, koma pakhomo pake pomwe anali ngati mwana woswa mbale. Bambo ake anali ataonda. Masiku a gasiketi yolakwika chakudya ankangochitosatosa, n'kukakhala pawindo kuwerenga mabasi. Komabe m'mawa mwake ankadzuka, kumeta ndevu, kuvala ovolosi yawo, n'kukhalanso patebulo kupukuta zopukutapukuta kale. Dorica ankangoonerera. Mankhwala a zimenezi sankawadziwa.

A Ganizani anang'amba ngodya ya nyuzipepala, n'kulembapo nambala yonse ya kabuletayo mosajejema. Pansi pake analemba 1968, n'kudula mzere kawiri.

"Nayi. Ulendo uno usaitaye. Bwera nacho chikwamacho ndikuikiremo ndekha."

"Ayi ababa, ndipatseni m'manja."

Dorica analandira kapepalako ndi manja awiri, atapinda maondo monga anamuphunzitsira amayi ake, n'kutuluka. Atafika m'bafa anakhoma chitseko, kutsegula mpopi kuti madzi azisokosa, n'kukhala m'mphepete mwa bafa. Misozi inabwera yokha. Anatsegula zipi yam'kati mwa chikwama, n'kuika kapepalako pamodzi ndi tinzake tisanu ndi timodzi, tonse ta nambala yomweyo. Kenako anatenga foni, n'kuitanitsa gasiketi ya 1981.

Kuseri kwa timapepalato kunali gasiketi ya 1968, ikadali m'pulasitiki yake. Inafika yoyambirira, miyezi isanu yapitayo. A Ketrina anali ku Mulanje ndithu: anaikidwa kumeneko zaka ziwiri zapitazo, a Ganizani n'kuponya okha dothi loyamba. Dorica anali atawauza katatu, ndipo katatu konse anawalira ngati uthenga wangofika kumene.