Dzanja Lakufa la a Narciso

Chigwereni pansi kumudzi kwathu ku Mithete, sabata yomwe ankatisamutsira kumalo atsopano ku Mualadze, amuna anga a Narciso sanagonepo tulo teniteni. Mbali yakumanzere ya thupi lawo inafa, pakamwa panapotoka. Dzanja linkangolendewera, ndipo chilichonse chokhala kumanzere kwawo sankachiona, ngakhale mbale ya ndiwo.

Kuchipatala ku Moatize anatiuza kuti aziyenda tsiku lililonse atagwirira chinthu. Ndinamanga chingwe kuchokera pakhomo mpaka pamtengo wa masau. Masana ankalephera kufika ngakhale pakati, ankakhala pansi n'kumaukalipira mwendowo ngati mwana wosamva. Koma m'mawa uliwonse ankandiuza kuti usiku afika pamtengo. Ine ndinkangovomera. Ungatsutsane ndi munthu wodwala?

Lachinayi usiku ndinakumbukira kuti ndasiya kapulana yanga, nsalu yomwe ndimavala, nditayanika pachingwe chomwecho, ndipo angakodwe nayo. Ndinadzuka kuti ndikaichotse. Pamphasa pawo panalibe munthu.

Ndinaima pakhomo. Mwezi unali ukuwala, ndipo iwo anali atapitirira kale pakati, dzanja lamanja lili pachingwe. Dzanja lakufa lija linali m'mwamba, litakoleka ngati lili paphewa la munthu wamfupi ngati ine. Pansi pake panalibe aliyense. Kapulana ija inali pampando, itapindidwa bwinobwino, ntchito ya manja awiri.

Kenaka anayankhula mofatsa ndi pakamwa pawo popotoka paja, osatembenuka, akunditchula ine ndi dzina la mwana wathu.

"Pang'onopang'ono, mayi a Quim, mukundithamangitsa. Koma lero manja anuwa azizira chonchi bwanji?"